Mmene Ndinametera Samisoni m'Chingerezi

Ndikukumbukira chisanu cha m'mawa umenewo. Anthu a pa Boma akamati lero kwazizira ine ndimangoseka, chifukwa kuzizira sakudziwa. Kwathu ku Tsangano mwezi wa Juni ukalavula, malovu amafika pansi ali mwala. Atambala amalira atafunda. Ndiye linali Lolemba lotero, ine ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili Sitandade 5, kalasi imene Chingerezi chimayamba kukugwira pakhosi.

Dzina langa la ubatizo lisiyeni. Kusukulu ndinali Wailesi. Amayi amati tsiku limene ndinabadwa ndinayamba ndawalongosolera azamba mmene ndayendera, kulira kunabwera pambuyo.

Aphunzitsi athu anali a Ngozo, aatali ngati mtengo wa bulugamu, jekete imodzi yabulauni chaka chonse, choko mpaka m'nsidze. Iwowa anali ndi mwambo wawo wa Lolemba umene ankautcha nyuzi. Tinkakhala pansi m'mizere, ndiye aliyense ankaimirira, mzere ndi mzere osadumpha munthu, n'kunena m'Chingerezi zimene anachita Loweruka ndi Lamulungu. Cholinga chinali past tense. Ankati chinthu chikachitika chapita, ndipo mawu ake ayenera kuvala malaya a dzulo. Mawu ena ndi ofatsa, umangowamangirira ed kumchira basi akuyenda. Koma ena ndi amwano. Go akagona usiku umodzi amadzuka ali went, ngakhale mayi ake omubala sangamuzindikire.

Malamulo a nyuzi anali awiri. Loyamba linali la tonse: ukalankhula Chichewa nthawi ya Chingerezi unkatuluka pompo, khasu paphewa, kukalima kudimba la aphunzitsi kutsidya kwa dambo. Lachiwiri linali langa ndekha. Ine ndinkaloledwa ziganizo ziwiri, ndikhale pansi. Lamuloli linabwera tsiku limene ndinafotokoza mmene ndinakankhira lole ya kachewere kuchokera ku Tsangano mpaka kumsewu wa tala ndi dzanja limodzi, linalo ndikudyera chimanga.

Wotsatana nane pamzere anali mnzanga Samisoni. Mnyamata ameneyu Mulungu anaiwala kumuikira bodza. Ukamufunsa kuti wadya chiyani ankakuuza ndiwo, mchere, ndi amene anatsuka mbale. Koma Chingerezi chinkamugwetsa chagada. Lolemba lililonse ankaimirira n'kunena comed, goed, eated, ndipo Lolemba lililonse zikhato zake zinkafufuma ngati mandasi.

Tsono muyenera kudziwa za bambo ake. Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene popanda khadi sunkalowa mumsika ngakhale kukwera basi. Tsiku lina ayufi anaimitsa mayi ake a Samisoni pachipata cha msika, ali ndi pakati, n'kuwauza kuti agule makhadi awiri, lina la wam'mimbayo. Madzulo ake bambo ake ali pamowa anati, ngati mwanayo wagula khadi ndiye abwere yekha kumsonkhano adzawombe m'manja. Anthu anaseka. Kuseka kumeneko kunafika kwa a Tcheyamani a nthambi kusanache. Pamene ayufi ankafika pakhomo anapeza munthu kulibe. Mudzi wonse unkati anaolokera ku Mozambiki. Zoona zake zinali zoti anali kumunsi, m'timisasa ta anthu othawa nkhondo, kumene nkhope zinali zambiri, chilankhulo chimodzi, mafuko omwewo, moti munthu ankasowa ngati nyemba mu thumba la nyemba. Akuluakulu ankadziwa koma pakamwa anasoka. A Tcheyamani analumbira pamsonkhano kuti akadzangoponda m'mudzimo adzamutumiza kumene anthu sabwerako.

M'mawa umenewo ndinakumana ndi Samisoni panjira, ndipo ndinaima n'kugwira pamtima. Mutu wake, abale! Unali ngati munda wa kachewere wolimidwa ndi munthu woledzera: apa mzere, apa ngalande, apa thengo losagwira khasu, kumbuyo kwa khutu kachitsamba kokwana kubisalamo nkhwali. Koma mwini mutuyo akumwetulira mano onse pamtunda.

"Aise, wakulimira ndani m'mutumu?" ndinatero.

"Abambo," ananong'ona. "Anabwera Loweruka m'bandakucha. Anandimetera kuseri kwa nkhokwe ndi sizasi ya amayi, msangamsanga, dzuwa lisanakwere n'kubwerera."

Kenako anaima pakati pa njira, manja m'mbali ngati msilikali, n'kunena: "My father came. He cut my hair."

Popanda cholakwika ngakhale chimodzi. Anali atayeserera Lamulungu lonse akudyetsa mbuzi, moti ndikukhulupirira kuti mbuzizo mpaka lero zimadziwa chiganizocho. Ndinamuuza kuti zimenezo si zonena, anene kuti anadya kachewere. Iye anati kachewere sanadye, anadya maungu. Ndinati chabwino nena maungu. Tinayesera mpaka pamlatho. Koma mutu wa Samisoni unkasunga chiganizo chimodzi pa sabata, ukathiramo china chinkangotayikira pansi. Tinamva belu, tinathamanga. Ndinadzitonthoza kuti m'kalasi woopsa ndi Ledisoni yekha, mwana wa a Tcheyamani, ndipo ameneyo nthawi ya nyuzi ankagona maso ali otsekula.

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Titangokhala pansi, pakhomo panada. A Tcheyamani, chikhoti chachikulu, mimba patsogolo ngati akuitsogoza kuchipatala. Pambuyo pawo mlembi wawo, mnyamata woonda amene anafika Fomu 2, yekhayo m'nthambi yonse amene ankamva Chizungu. Zinadzamveka pambuyo pake kuti wina anaona munthu akudutsa m'dambo Loweruka lija, ndipo Ledisoni anali atawauza bambo ake kunyumba kuti Lolemba ana amanena zonse za kwawo.

Tinaimirira n'kupereka moni. A Ngozo anapereka mpando wawo. Ndinawaona akuyang'ana a Tcheyamani, kenako mutu wa Samisoni, kenako pansi. Choko chinathyoka m'manja mwawo.

"Lero tiwerenga m'buku," anatero.

"Iyayi aphunzitsi," anatero a Tcheyamani akudzikonza pampando. "Chitani za masiku onse. Ndimamva kuti Lolemba ana amanena za kumudzi m'Chizungu. Ife tabwera kudzaona chitukuko. Musadumphe mwana."

Nyuzi inayamba. Koma tsiku limenelo ana ankathamanga ngati pansi pakutentha. I swept the house, pansi. I went to church, pansi. I fetched water, pansi. Mlembi uja atawerama pakhutu la a Tcheyamani, akumasulira chilichonse. Mzere unkabwera kwa ife ngati moto wa m'tchire mwezi wa Okutobala. Ndinacheuka kuyang'ana Samisoni. Maso ali pabolodi, milomo ikuyenda yokha. Mnyamatayo akachita mantha ndiye ankakakamira chimene waloweza ngati nkhupakupa. Kumunong'oneza sikukanatheka, mlembi maso ake anali pamzere wathu womwewo.

Nthawi yanga inakwana. Ndinaimirira. Ziganizo ziwiri. Ndinapuma.

"On Saturday I visited Samson. I cut his hair."

Kalasi inaphulika. Atsikana anagwerana, ena kuloza mutu uja, ena kuloza ine. Ngakhale Ledisoni anadzuka. Koma Samisoni analumpha ngati wakhalira chitedze, misozi ili kale m'maso.

"Bodza! Wailesi ndi wabodza, Sala! Anandimeta ndi a—"

Phwaa! Ndodo patebulo. Sindinamvepo phokoso lotero chibadwire, ndipo ndinakhalapo pafupi mphezi ikung'amba mtengo. Mileme inagwa kudenga.

"Vernacular! Out!"

A Ngozo anali atamugwira kale kolala. Anamunyamula miyendo ikupalasa m'mwamba, mpaka pakhomo, khasu m'manja, chala kuloza kudambo. Anamukalipira m'Chingerezi chothamanga chimene ngakhale mlembi uja sanachigwire. Samisoni anapita akulira, akucheukira ine ndi maso oti ndidzakupeza.

"Mukanamusiya amalize mwanayo," anatero a Tcheyamani.

A Ngozo anapinda manja mwaulemu. "A Tcheyamani, inu nomwe pamsonkhano mumatikumbutsa kuti dziko lino ndi la mwambo. Ndikamulekerera lero inu mulipo, mawa ana awa aziti lamulo limathawa likaona akuluakulu."

A Tcheyamani anadzikonzanso pampando. Mawu awo omwe anali atawatsekera njira. "Chabwino. Akamaliza otsalawa mumuitane. Ndikufuna ndimumve."

Otsalawo anali theka la mzere, ana oti pa liwiro lija akanamaliza munthu asanayetsemule. Ine ndinayamba kukhala pansi, poti ziganizo zanga zinali zitatha. Ndiye a Ngozo anandiyang'ana. Sanatsinzinire diso, sanamwetulire. Anangonena mawu amene sanandiuzepo chiyambire sukulu.

"And then what happened?"

Abale, kufunsa Wailesi kuti kenako chinachitika n'chiyani kuli ngati kutsekulira mbuzi m'munda wa kabichi. Ndinamva msana ukuwongoka. Ndinadziwa ntchito yanga: mzerewu usathe.

"Then a hyena comed."

"Came!" anakuwa a Ngozo. Anapita pabolodi pang'onopang'ono ngati akuperekeza maliro. Analemba come, analemba came, anajambula mzere pansi pake ndi rula. Kalasi yonse ibwereze. Anyamata okha. Atsikana okha. Mzere wa kuzenera. Ledisoni yekha, amene anatenga nthawi yokwana kuphika nyemba.

Tsono ndikuuzeni, ine past tense ndinkaidziwa kuposa njira ya kwathu. Koma tsiku limenelo ndinaiphwanya dala, liwu ndi liwu, ndipo lililonse limene ndinagwetsa a Ngozo ankalitola, kulipukuta, kulipachika pabolodi. Fisi uja anadya tsitsi la Samisoni limene linagwa pansi. Ndinati eated. Linamutsamwa, anatsokomola mpaka nkhokwe inagwa. Ndinati falled. Ndinamugwira mchira. Ndinati catched. Anathawa nane, ndinamukwera pamsana ngati njinga, tinadutsa m'minda ya tirigu, tinalumpha malire kupita ndi kubwera msilikali wa pachipata akungopereka sawatcha. Tinatsika mapiri mpaka pa Boma. Pamenepo fisi anatopa, ndinamugulira tiyi pasitolo ya Achawa ija ya pafupi ndi msika, anamwa, anapempha sikono. Drinked, buyed, sitted. Bolodi linadzaza. A Ngozo anafufuta ndi mkono wa jekete n'kuyambiranso pamwamba.

Mlembi uja thukuta linali kamukamu m'chisanu chonse chija. Chingerezi chake cha Fomu 2 chinathera pamalire paja, kuchokera pamenepo ankangopeka zake. Ndipo chodabwitsa n'chakuti a Tcheyamani anayamba kusendera kutsogolo kwa mpando. Nditapuma pang'ono kuti ndimeze malovu, ndinamva akufunsa mlembi mokweza, "Ndiye fisiyo ndalama ya sikono anaipeza kuti?"

Ndinalankhula mpaka lilime linachita matuza. Ndinalowa ndi fisi m'chipatala, anamubaya jakisoni. Ndinamulembetsa sukulu. Anakhoza masamu kuposa ine. Mawu a Chingerezi amene ndinawadziwa anatha, ndinayamba kubwereza omwewo ndi nyama zina. Ndili pakati pokwatitsa fisiyo, belu linalira.

A Tcheyamani anadzidzimuka ngati munthu amene wagona pabasi n'kupitirira siteji. Anatuma mlembi kudimba. Mlembi anabwerako yekha, nsapato zili matope. Anati madamu, akazi awo a aphunzitsi, akuti mwanayo anayamba kusanza ndipo amuperekeza kwa mayi ake. Zimene zinachitikadi ndinadzazimva pambuyo. Madamu atangoona mutu uja anafunsa kuti wakumeta ndani, ndipo Samisoni, poti ndi Samisoni, anawauza zonse mpaka mtundu wa sizasi. Madamu anasiya khasu lili chiimire m'nthaka.

Koma a Tcheyamani sanali munthu wopusa kwenikweni. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumapazi osweka ndi chisanu mpaka kumutu.

"Iwe mwana wa pakamwa ngati chigayo. Ndiwe wometa eti?"

"Eya, a Tcheyamani."

"Tione. Bweretsani sizasi. Ledisoni, khala apa."

Ine chibadwire ndinali ndisanagwirepo sizasi kupatula podula ulusi wa mpira wa mapepala. Anabweretsa ya kuofesi, yadzimbiri, yoti kudula nayo pepala umayamba wapepesa. Ledisoni anakhala panjerwa pakati pa bwalo, sukulu yonse itazungulira, mpaka aphunzitsi aakulu akusuzumira pazenera. Ndinapemphera pemphero lalifupi kwambiri m'mbiri ya mpingo, n'kuyamba.

Apa ndinadula, apo sizasi inakana n'kuzula. Ledisoni anakuwa. Ndinasamukira mbali ina. Ndinkati ndikonze kumanzere, kumanja kunkatsala phiri. Ndinkati ndigwetse phirilo, pankatuluka chigwa. Kumbuyo kwa khutu ndinaopa kudula khutu lomwe, ndinasiya kachitsamba. Pamene ndinkamaliza, mutu wa Ledisoni unali ngati mbuzi zadyapo n'kuthamangitsidwa zisanakhute.

Mlembi anauzungulira mutuwo atagwira chibwano ngati dokotala.

"A Tcheyamani," anatero, "dzanja ndi lomweli."

Sukulu yonse inkafuna kuseka koma inkaopa, moti munkangomva timphuno tikulira ngati tiana ta nkhumba. A Tcheyamani anavula chipewa chawo n'kuchiphimba pamutu pa mwana wawo, anamugwira dzanja n'kunyamuka osatsanzika. Pachipata anacheuka n'kundiloza. "Iwe, usadzagwirenso mutu wa munthu m'dera langa." Ndinalonjeza ndi mtima wonse.

Dzuwa lisanafike paliwombo uthenga unali utafika kumisasa kuja. Bambo ake a Samisoni anasunthira cha ku Dedza, ndipo sanapondenso m'mudzi mpaka zinthu zitasintha. Ayufi anapitabe kwa Samisoni madzulo ake kukamufunsa. Mayi ake anali atamuuza kale kuti ngati bodza likukukanika, kulira sikungakukanike. Analira mpaka ayufiwo anatopa n'kumapita. Lero bambo akewo ali moyo, amagulitsa kabichi m'mbali mwa msewu, ndipo pakamwa pawo sipanachepe ngakhale pang'ono.

Samisoni sanandilankhule teremu yonse. Osati chifukwa cha khasu lija ayi. Anati ndinamubera chiganizo chake, choyamba m'moyo wake chimene chinali cholondola. Ndinamupatsa mapichesi, ndinamupatsa mpira wanga, anakana. Tinadzagwirizana mvula itagwa, koma mpaka pano akaledzera pang'ono amaikumbutsa nkhaniyo.

Tsiku lomwelo poweruka a Ngozo anandiuza kuti nditsale ndifufute bolodi. Ndinaganiza kuti chikwapu chafika, poti bodza limene ndinanena linali lokwana kuphera munthu. Koma anangokhala patebulo. Ankatola zidutswa za choko n'kuika m'kabokosi. Anandilankhula m'Chichewa, m'kalasi momwemo, koyamba.

"Wailesi, ine ndinkati ndikuphunzitsa ana mawu a dzulo. Sindinadziwe kuti ndikuwaphunzitsa kupereka makolo awo."

Ndinamaliza kufufuta bolodi n'kumapita kwathu.

Kuyambira Lolemba lotsatira nyuzi inasintha. Palibe ankafunsidwanso za kunyumba. A Ngozo ankabwera ndi chithunzi chodula m'magazini yakale, munthu wosadziwika atakwera njinga kapena mayi atasenza mtolo, ife n'kumanena zimene munthuyo anachita dzulo. Past tense inaphunziridwa chimodzimodzi, ndipo palibe bambo wa munthu amene anagona m'thengo chifukwa cha iyo.

Panopa sukulu ndinasiya, masamu anandimenya chibakera cha pamphuno ku Fomu 2, koma Chingerezi ndinachikhoza moti oyesa mayeso akuti anaimirira powerenga. Nkhani imeneyi ndaifotokoza pamsika, pamaliro, m'minibasi, ndipo nthawi zonse ndinkaifotokoza ngati ndinapulumutsa munthu ndekha. Sindikubweza, ntchito yaikulu inali yanga, fisi uja sanadzipeke yekha. Koma pano ndakula pang'ono ndikuona chimene sindinkachiona. Ine ndikanagwidwa, ndikanalandira makofi n'kupita kukadya kwathu, poti ndinali mwana. A Ngozo anali ndi ntchito ya boma, mkazi ndi ana, ndipo munthu amene akanawachotsera zonsezo ndi mawu amodzi anali atakhala pampando wawo womwe. Anaimabe pabolodi paja akulemba came ndi caught mwaulesi, msana atalozetsa kwa munthuyo.

Anthu amati mwana wabwino ndi wonena zoona, ndipo sindikutsutsa, Samisoni ndi munthu wabwino kuposa ine kutalitali. Koma chimene chinachitika chili ndi eni ake, ndipo ena mwa eni akewo amakhala akubisala m'misasa. Usanachinene, yamba wayang'ana amene wakhala pampando. Ine pakamwa panga mpaka lero ndi pachigayo, sindikana. Koma tsiku limene panafunikira, ndinagaya mphepo mpaka belu, ndipo dzina la munthu silinatulukemo.